Kalata ya m'Sutikesi ya Mayi Esitele

Ku Chiosya mwezi wa Novembala ukafika supeza munthu pakhomo. Aliyense amakhala ali kudimba ndi kheni m'manja, kuthirira nazale ya fodya, maso ali kumwamba kudikira mvula. Koma m'chaka cha 2004 a Benedicto sadaponde kunazale. Ankangokhala pakhonde atatsamira khoma, miyendo itatupa ngati thunthu la nthochi, akupuma ngati munthu amene wakwera phiri atasenza thumba la chimanga.

Bambowa adachoka kwawo ku Phalombe ali mnyamata. Adagwira utenanti pa esiteti ina kwa zaka makumi awiri mpaka anthu a m'mudzi woyandikana nawo adawapatsa malo. Pamalopo adaumba njerwa ndi manja awo, namanga nyumba ya zipinda zitatu. Mwana wawo wamkazi, Tadala, adagona m'manda a m'mudzi momwemo. Wotsala adali mmodzi, Cyprian, amene adali ndi kapikapu kake kochitira malonda pakati pa Mchinji ndi Chipata.

Akazi awo, mayi Esitele, adali munthu wa mawu amodzi. Manja awo adali ofewa pa wodwala, koma akati ayi, ngakhale mutabwera ndi ng'ombe zapagoli simukadawasuntha. Ndiwo adagona pansi pa bedi la amuna awo milungu isanu ndi umodzi m'chipatala chachikulu cha mumzinda chaka chapitacho, a Benedicto ali ndi paipi m'mphuno, ina ili m'nthiti kukoka madzi. Madokotala kumeneko sadabise mawu. Adati mtima watopa, ndipo mankhwala otsala ndi ongochepetsa ululu.

Tsiku lina padafika mayi Anastazia, namwino wa pakachipatala ka mishoni amene ankayendera odwala m'makomo pa njinga yamoto. Atatha kuyeza, a Benedicto adawagwira dzanja.

"Anamwino, lero mutulutse cholembera. Ndili ndi mawu, ndipo ndikufuna akhale papepala. Tsiku likubwera limene pakamwa panga padzatsekeka."

"Nenani, bambo, ndikumva."

"Lembani kuti ine Benedicto, mutu wanga uli bwinobwino, ndakana kubwereranso kumapaipi. Ndikadzafooka mudzandipatse mankhwala opha ululu, basi. Musadzandikweze ambulansi. Ndidzatsirizikire m'nyumba muno ndikumva mbuzi zanga zikulira, ndipo mudzandiike pafupi ndi Tadala."

Namwinoyo adalemba, nawerenga mokweza kawiri kuti pasakhale mawu olowetsa kapena osiyidwa. A Benedicto adasayina pang'onopang'ono, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani. Atatha adapuma mpweya wautali, nkhope yawo n'kumasuka.

"Tsopano kalata iyi iyenera kukhala poonekera," adatero mayi Anastazia. "Ndiimata m'buku lanu la kuchipatala, patsamba loyamba, kuti dokotala aliyense akangolitsegula akumane nayo. Ina ndikalemba yofanana nayo ikakhale m'faelo kwathu kuja. Ndipo Cyprian auzidwe."

Mawuwo asadathe, dzanja la mayi Esitele lidali litatsomphola kale pepalalo.

"Zimenezo ndiye ayi, anamwino. Buku lija limagwiridwa ndi manja angati? Wolemba mayina pawindo, woyeza sikelo, wopereka mankhwala. Amaliunjika pathebulo pamodzi ndi mabuku a mudzi wonse. Mawa lomweli pamjigo padzamveka kuti Esitele watopa kusamala mwamuna, walembetsa kalata yoti afe. Alamu anga a ku Phalombe adzandidya wamoyo."

"Mayi, kalata ngati iyi ntchito yake ndi kuwerengedwa. Nanga tsikulo likadzafika inu kulibe?"

"Kulibe ndili kuti? Zaka makumi atatu ndi zisanu ndili pambali pa bambowa. Kalata ndine. Wofuna kuiwerenga adzandifunse."

Namwinoyo adayang'ana kwa mwini mawu. A Benedicto adangopukusa mutu, akumwetulira motopa. "Asiyeni, anamwino. Mayi awa mukalimbana nawo dzuwa lilowa. Asunge, sataya chinthu."

Zoonadi sankataya chinthu. Adapinda kalatayo kanayi, naikulunga m'kajumbo, naiika pansi penipeni pa sutikesi, kunsi kwa setifiketi ya ukwati ndi zitenje zosavala. Adakhoma loko, kiyi n'kumumangirira pachingwe cha m'khosi. Chimene sadauze munthu n'chakuti miseche ya pamjigo sichidali chokhacho chowaopsa. Pepala lija linkawaoneka ngati kalata yoitana imfa, ndipo pokhoma loko uja mtima wawo udamva ngati atsekera imfayo m'kati kuti isaone njira.

Cyprian ankabwera kumudzi kawiri pamwezi ndi shuga ndi sopo. A Benedicto akati ayambe nkhaniyo, akazi awo ankawadula ndi diso. "Mwana samuuza za imfa ya bambo ake, bambowo akupuma," ankatero mwanayo akachoka. Mayi Anastazia adayesanso kawiri konse kupempha kuti angokopera mawuwo, koma adabwerera manja ali m'khosi. Mu Januwale adawatumiza kukosi ya miyezi itatu ku Zomba, ndipo nkhaniyo idagona.

Malichi adafika ndi fungo la fodya m'zigafa. A Benedicto adapezako bwino, mpaka ankakhala pampando m'chigafa n'kumasoka nawo masamba. Ndiye pamene amayi a mpingo adakonza m'bindikiro wa masiku awiri ku Ludzi, mayi Esitele adavomera kupita, pakuti Cyprian adali pakhomo sabata imeneyo kuthandiza kukolola. Adanyamuka Lachisanu m'mamawa, kiyi ali m'khosi.

Loweruka dzuwa lili paliwombo, amayi ali pakati pa nyimbo, padafika a Mateyu, oyandikana nawo nyumba, thukuta lili kamukamu panjinga.

"Mayi a Cyprian, tulukani. Abambo agwa m'chigafa m'mawa uno. Sakulankhula. Mwana wanu wawatengera kuchipatala cha paboma."

Mayi Esitele sadatsanzike. Adathamangira kumsewu nsapato zili m'manja, nakwera matola oyamba amene adaima. Pofika kuchipatala adapeza ambulansi itatsegula chitseko chakumbuyo, anthu awiri akulowetsa machira. Pamachirapo padali amuna awo, pakamwa patapotokera mbali imodzi, maso ali otsegula pang'ono. Cyprian adaima pambali atagwira buku la kuchipatala limene adalitenga pamsomali pomwe linkakhala.

"Mukupita nawo kuti?"

"Ku Lilongwe, amayi. Adokotala akuti kuno kulibe makina oti awathandize."

"Atsitseni! Bambo ako adakana. Adati asadzakwerenso galimoto imeneyi."

Dalaivala adaliza injini. Mayi Esitele adazungulira, nakaima kutsogolo kwa ambulansiyo atatambasula manja, chitenje cha mpingo chili m'chiuno. Anthu odikirira odwala amene ankaphika kuseri adasiya miphika pamoto n'kubwera kudzaonerera. Dokotala amene adalemba kalata yotumizira wodwalayo adatuluka, natenga buku m'manja mwa Cyprian.

"Mayi, sindikunena kuti mukunama," adatero mofatsa, akutsegula tsamba ndi tsamba. "Koma taonani. Muno muli mankhwala onse amene akhala akumwa, masiku onse amene anayezedwa. Zoti anakana kutumizidwa mulibe. Wodwala sangathe kulankhula. Mwana wawo akuti tipite, inu mukuti tisapite. Ine ndimvere ndani? Pakanakhala dzanja la mwini wake, nkhani ikanathera pompano."

"Kalata ilipo! Anasayina okha pamaso pa anamwino Anastazia."

"Anamwinowo ali kuti?"

"Ali kukosi ku Zomba."

"Kuchipatala kwawo anasiyako ina?"

Mayi Esitele adapukusa mutu. Adapisa dzanja m'khosi, natulutsa chingwe chija. "Ili m'sutikesi kunyumba. Kiyi wake nayu!"

"Kiyi sindingamuwerenge, mayi."

Apo Cyprian adayandikira. "Amayi, miyezi inayi ndakhala ndikubwera kumudzi, simunandiuzepo kanthu. Lero bambo ali pakati pa moyo ndi imfa ndi pamene mukutulutsa nkhani ya kalata? Chokani pamenepo. Anthu akuona."

Anthu ankaonadi. Mayi Esitele adamva ndi makutu awo mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Taonani zinazi, akukaniza mwamuna wake chipatala. Watopa naye ameneyu." Mawu omwe adawathawa pamjigo wa kumudzi adawapeza pabwalo la boma, pamaso pa anthu osawadziwa n'komwe. Koma sadatsitse manja.

"Cyprian, tenga galimoto yako tikatenge kalatayo. Adokotala, tidikireni."

"Ndi matope amenewa, kupita ndi kubwera ndi maola anayi," adayankha dokotala. "Mmene akupumiramu, popanda chondiletsa cholembedwa, sindingawasunge pano maola anayi."

"Ine nditsatira bambo," adatero Cyprian, osawayang'ana mayi ake kumaso.

Amayi awiri achikulire adawagwira m'mapewa n'kuwakokera pambali mwaulemu. Ambulansi idadutsa, kapikapu ka Cyprian kali pambuyo. Mayi Esitele adadzipulumutsa m'manja mwa amayiwo, nafuula mawu amene adamveka mpaka kuwodi ya amayi oyembekezera: "Pitani! Koma ndikubwera nayo kalatayo, ndipo mudzanditsegulira chitseko!"

Ulendo wakumudzi udawalemera. Matola adawatsitsa pamphambano, ndipo mvula idayamba ngati kumwamba kwabooka. Pofika pamtsinje wa pafupi ndi kwawo adapeza madzi atakwirira mlatho, mitengo ikuyandama ngati ziputu za chimanga. Adagona kwa anthu achifundo kutsidya lino. M'mawa mwake, Lamulungu, amuna a pamenepo adawaletsa kuti madzi akadali aukali.

"Akhale aukali, ine ndawaposa," adatero, nakweza chitenje, nalowa. Madzi adawafika m'chiuno, kenako pachifuwa, koma adaoloka.

Kunyumba adapeza mbuzi zikulira m'khola, fodya amene amuna awo ankasoka ali mbwee pansi m'chigafa. Loko adatseguka mosavuta. Kalata ija idali momwe adaisiyira, youma, yoyera, yopanda banga ngakhale limodzi, ngati kuti idalembedwa dzulo. Mayi Esitele adaiyang'ana nthawi yaitali. Adaisamala koposa chinthu china chilichonse m'nyumbamo, ndipo kusamalako ndi kumene kudaisandutsa chinthu chopanda ntchito.

Tsiku la Mulungu galimoto sizinkayenda m'msewu umenewo. Adayenda wapansi mpaka kutala, nagona kwa mnzawo wa mumpingo, ndipo Lolemba masana adalowa m'chipatala chachikulu chija, mapazi atatupa, kalata ili pachifuwa. Mlonda wa pakhomo la wodi adati nthawi yoona odwala sinakwane. Adangomuyang'ana kamodzi, mlondayo n'kupatuka.

A Benedicto adali pabedi lakumapeto. Paipi idali m'mphuno, ina pamkono. Manja awo onse awiri adali omangidwa ndi bandeji kuzitsulo za bedi. Cyprian adakhala pansi pambali pawo, maso ali psuu.

"Manjawa awamangiranji?"

"Amangozula paipi, amayi. Katatu konse. Anamwino akuti mwina mutu wasokonezeka, ndiye awamanga kuti asadzivulaze."

Mayi Esitele adatulutsa kajumbo kaja, nafunyulula pepala, namupatsa. Cyprian adawerenga milomo ikuyenda. Atafika pansi pomwe padali dzina la bambo ake m'zilembo zokhotakhota zimene ankazidziwa kuyambira ali mwana, adakweza maso n'kuyang'ana manja omangidwa aja.

"Ndiye kuti sanasokonezeke," adatero ndi mawu otsika. "Amakana. Masiku atatu onsewa amakana, ine n'kumawagwira manja kuti awamange." Adatembenukira kwa mayi ake. "Munandibisiranji, amayi?"

"Zimenezo udzandifunse kunyumba, ndipo ndidzakuyankha. Panopa kaitane adokotala."

Dokotala wa m'wodimo adali mayi wamtali, wosachulutsa mawu. Adawerenga kalatayo ataimirira, nakhala pamphepete pa bedi, namasula dzanja limodzi la wodwalayo n'kuliika m'dzanja lake. Adawerenganso mokweza, pafupi ndi khutu.

"Bambo Benedicto, ngati mawu awa ndi anu, ndipo mukadali pomwepo, finyani dzanja langa."

Zala zija, zimene zidasoka fodya zaka zonse zija, zidafinya mpaka dokotalayo adatsinzina. Misozi idatsika m'mbali mwa diso limodzi la a Benedicto n'kulowa m'khutu.

Dokotala adaitanitsa buku la kuchipatala ndi sitepula. Adatsegula tsamba loyamba, naikapo kalatayo, n'kudina kawiri. "Malo ake anali apa," adatero.  Madzulo omwewo mapaipi adachotsedwa. Lachiwiri m'mawa adawatulutsa ndi botolo la mankhwala opha ululu.

Cyprian adayala matiresi kumbuyo kwa pikapu. Mayi Esitele adakhala pansi, mutu wa amuna awo uli pamiyendo pawo, ambulera ili m'dzanja lina kutchinga dzuwa. Adadutsa Msundwe, adadutsa Namitete, mphepo ikuomba, chimanga chobiriwira chili mbali zonse za msewu. A Benedicto ankapuma mofatsa kuposa mmene adapumira masiku onse aja. Atalowa m'dera la Mchinji adatsegula maso. Milomo idavutika nthawi yaitali isadatulutse liwu limodzi lokha.

"Ta...fika?"

"Tatsala pang'ono, bambo a Cyprian. Limbani mtima. Mbuzi zanu zikukudikirani."

Galimoto idachoka patala n'kulowa msewu wamatope. Isadayende mtunda wautali, pakati pa minda ya anthu osawadziwa, mayi Esitele adamva mutu uja ukulemera pamiyendo pawo. Adaika dzanja pachifuwa, nadikira, nadikiranso. Kenako adawatseka maso, nawafunditsa chitenje, nagogoda padenga la galimoto.

Cyprian adaima, natsika, naona. Adagwira chitsulo cha pikapu n'kuyamba kulira ngati mwana. Mayi ake adamusiya alire pang'ono, kenako adati, "Pukuta maso, yendetsa. Anati kunyumba. Tachedwa nawo, koma tiwafikitsa kunyumba."

Pamaliro padabwera alamu a ku Phalombe, ndipo nkhani ya mayi woima kutsogolo kwa ambulansi idali itawapeza kale panjira. Usadanyamuke mtembo, mkulu wawo wa a Benedicto adaimirira nati akufuna kudziwa chifukwa chimene mbale wawo adatulutsidwira m'chipatala akadali moyo, n'kukafera pamsewu ngati alibe abale. Anthu adaweramitsa mitu. Mwa mwambo wofedwa salankhula pabwalo, koma mayi Esitele adatuluka m'nyumba ya siwa, amayi akuwakoka chitenje kuti akhale pansi.

"Ndisiyeni. Cyprian, tenga buku la bambo ako uwerenge tsamba loyamba. Mokweza, amve ndi akumbuyo."

Cyprian adawerenga. Atatha, mayi Esitele adatembenukira kwa mkulu uja.

"Mwamva, alamu. Amenewo ndi mawu a mbale wanu, osati anga. Anapempha zinthu zitatu: asabwerere kumapaipi, atsirizikire m'nyumba yawo, agone pafupi ndi mwana wawo. Ziwiri zoyambazo ndawalanda ndine. Mlandu ndili nawo, koma si umene mwabwera nawowo. Sindinawaphe amuna anga. Ndinawatsekera pakamwa m'sutikesi, kiyi n'kuyenda naye m'khosi, poopa malilime a anthu. Chachitatuchi chokha ndiye sindilola munthu aliyense kuwalanda. Nyamulani bokosi."

 Mkulu uja adakhala pansi, ndipo bokosi lidanyamuka kupita kumene kudagona Tadala.

Mayi Anastazia atabwerako ku Zomba adapeza mayi Esitele akuwadikira pabenchi ya kachipatala kaja, buku lawolawo lili m'manja. Namwinoyo adayamba kupepesa za maliro, koma mayi Esitele adamudula.

"Kupepesa kwakwana, anamwino. Ine ndili ndi shuga, ndipo zaka zapita. Tulutsani cholembera. Mukatha mumate patsamba loyamba, ina muike m'faelo mwanu, yachitatu ndikampatsa Cyprian aziyenda nayo m'galimoto."

"Nanga a pamjigo aja, mayi?"

"Awerenge. Amene sadziwa kuwerenga abwere ndidzamuwerengere ndine."

Kalata ya a Benedicto idalembedwa bwino, idasayinidwa bwino, ndipo idasungidwa bwino kuposa makalata onse a m'mudzimo. Koma pa ola limodzi lokha limene idafunika, idali kutsidya kwa mtsinje wodzaza, m'kati mwa loko. Chinthu chako chenicheni ndi chimene dzanja lingachifikire nthawi yake ikakwana. Paja akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.